Mwana wanga ku UK akuti ndalama zikuthera kutenthetsa nyumba, kodi si boma limawalipirira?

NaBanda wa pa Kamuzu Road

Abale ndithandizeni nzeru, makamaka inu amene muli kunja kapena munakhalako. Mwana wanga wamkazi, wachisamba, ali ku Leeds, anapita pakati pa 2024 pa ntchito yosamalira okalamba ija ambiri anapitira. Ana ake awiri anandisiyira ine chifukwa nthawi imene mapepala ake amatuluka malamulo anali atasintha kale mu Malichi chaka chomwecho, osamalira okalamba analetsedwa kutenga ana kapena amuna awo. Chifikireni kumeneko sanaphonyepo, mwezi ukatha foni imalira ndimapita pa Mukuru kukatenga, fizi ya ana, chimanga, mankhwala anga a BP, ngakhale malata a khitchini anagula ndi iyeyo.

Koma kuyambira Novembala zinthu zasintha. Anatumiza theka, Disembala anatumiza kangachepe akuti ka Khirisimasi ya ana, pano tili mu Januwale sukulu yatsegulira, chimanga kumunda kwa Khombedza chikufuna feteleza wobereketsa, iye akungoti amayi dikirani kaye ndalama yathera ku gasi ndi magetsi, kuno kukuzizira. Ine ndinamukhulupirira ndithu. Nde dzulo ku banki mkhonde mayi wina amene mlamu wake anakhalitsa ku UK anandiuza pamaso pa anthu kuti mwana wanuyo akukunamizani, kumeneko boma limapatsa anthu ndalama zotenthetsera m'nyumba nyengo yozizira, palibe amene amalipira yekha, mwina wapeza mwamuna kapena wayamba kumanga kwina. Ndinachita manyazi osayankha, usiku wonse tulo osabwera.

Chomwe chikundizunguza n'chakuti tikamayankhula pa video ya WhatsApp amakhala atavala jekete ndi chipewa cha ubweya ali m'nyumba, nthawi zina atadzifunditsa bulangeti mpaka m'khosi, ine kuno thukuta lili kamukamu fani ikuzungulira. Ngati boma limalipira, bwanji iye akuzizidwa? Ndipo ngati sililipira, nkhani yoti limalipirayi anthu anaitenga kuti? Sindikufuna kumufunsa mokhala ngati ndikumuweruza ndisanadziwe zoona zake.

Mwale wa pa Linga, pano ndili ku Bradford

Mayi, mwachita bwino kufunsa musanamuyimbire. Ine ndili kuno chaka chachisanu, Bradford ndi Leeds ndi pafupi ngati kungokwera sitima mphindi zochepa, ndiye nyengo imene akunena mwana wanuyo ndi yomwe ndikuiona pawindo pano. Mayi a ku banki mkhondewo sananame zonse, thandizo lilipodi, koma sanakuuzeni kuti limapita kwa ndani.

Loyamba lomwe limatchuka kwambiri ndi Winter Fuel Payment. Linayamba mu 1997 nthawi imene Gordon Brown anali nduna ya zachuma, ndipo ndi la okalamba okha amene afika msinkhu wa penshoni ya boma, amalandira mapaundi 200 pa khomo kamodzi pachaka, kapena 300 ngati pali wa zaka 80 kupita mtsogolo. Mu 2024 nduna ya zachuma Rachel Reeves inalidula kuti lizipita kwa okalamba osaukitsitsa okha, kunali phokoso lalikulu dziko lonse, mpaka mu 2025 analibwezera kwa ambiri, onse amene ndalama yawo pachaka siipitirira mapaundi 35,000. Mwana wanu ndi amene amasambitsa agogo amene amalandira ndalama imeneyi, iye salandira.

Kenako pali Cold Weather Payment, mapaundi 25 nthawi iliyonse imene kuzizira m'dera lanu kwafika pa ziro kapena kutsikirapo kwa masiku 7 otsatizana, kuyambira pa 1 Novembala mpaka pa 31 Malichi. Palinso Warm Home Discount, mapaundi 150, imeneyi sakupatsa m'manja ayi amangochotsera pa bilu ya magetsi. Ziwirizi ndi za anthu amene ali kale pa mndandanda wolandira thandizo la boma ngati Universal Credit kapena Pension Credit. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse mayi. Ife amene tinabwera pa viza ya ntchito, viza yathu ili ndi mawu akuti no recourse to public funds, kutanthauza kuti thumba la boma lothandizira osauka sitiloledwa kulikhudza. Msonkho timadulidwa mwezi ndi mwezi pa malipiro ngati wina aliyense, koma ukayerekeza kulembetsa Universal Credit waphwanya lamulo la viza yako ndipo zikhoza kudzakutsekera tsiku lokonzanso mapepala. Ndiye wina akamuuza kuti akalembetse, asayerekeze asanafunse kwa odziwa malamulo.

Ndikuganiza kuti mlamu wa mayi ajawo akukumbukira za 2022. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu Febuluwale chaka chimenecho mtengo wa gasi unakwera moopsa, ndiye boma linachotsera nyumba iliyonse mapaundi 400 pa magetsi kuyambira Okutobala 2022 mpaka Malichi 2023, olemera osauka mlendo mwini dziko onse tinapindula. Zinali za nyengo imodzi yokhayo, zinatha. Kapena mlamuyo anali ndi mapepala okhazikika, amenewo ndi nkhani ina.

Tsopano ndikuuzeni za kuzizira kwenikweniko chifukwa ife a kunyanja sitikudziwa. Ine ndinakulira pa Linga, ndimaona ngati mwera wa mu Julayi ndiye mapeto a kuzizira. Kuno mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, umapita kuntchito kuli mdima kubwerako kuli mdima, ndipo nyumba zambiri za lendi yotsikirako ndi zakalekale za njerwa, khoma limazizira ngati mwaika dzanja mufiriji. M'nyumba muli boila ya gasi imene imatenthetsa madzi, madziwo amazungulira m'zitsulo zomwe zili m'makoma a zipinda, ndi zimene zimafunditsa nyumba. Ukayatsa, mita ikuthamanga. Ambiri a ife tili ndi mita yolipiriratu ngati mayunitsi a ESCOM, ikatha zonse zimazima, ndipo pali kandalama kena kamene amadula tsiku lililonse ngakhale usayatse kalikonse. Ine Disembala yathayi ndinaikamo mapaundi opitirira 200, m'chilimwe sindifika ndi theka lomwe. Pamwamba pa izo lendi, msonkho wa khonsolo, basi yopitira kuntchito, chakudya.

Ukati usayatse kuti usunge ndalama, zovala sizimauma, mawindo amatuluka thukuta m'kati, m'makona mumamera chuku chakuda bii, kenako chifuwa chosatha. Ku Rochdale mu 2020 mwana wa zaka 2 anamwalira chifukwa cha chuku cha m'nyumba, nkhani inagwedeza dziko mpaka anasintha malamulo a nyumba. Azaumoyo kuno amati m'nyumba musatsike pa madigiri 18. Ndiye jekete ndi chipewa mukuchiona pa video chija, mayi, ine ndikuchiwerenga mwina: mwanayo akuzimitsa boila dala kuti patsale yokutumizirani.

Mumufunse zinthu ziwiri modekha. Kodi wasamuka nyumba? Chifukwa chaka choyamba ambiri timakhala m'kachipinda komwe mabilu ali kale m'kati mwa lendi, ukasamuka n'kuyamba kulipira wekha ndi pamene umadziwa mtengo wa kuzizira. Chachiwiri, kodi maola akuntchito akumupatsa okwanira? Viza yathu inamangiriridwa kwa bwana amene anakuitana, ena amachepetsa mashifiti ndipo munthu amaopa kudandaula poti ntchito ikatha amakupatsa masiku 60 okha kuti upeze bwana wina. Anthu ambiri zimenezi sauza makolo, amangoti zili bwino.

Zomwe angachite osaphwanya lamulo zilipo. Ayimbire kampani yake ya gasi awauze kuti zamuthina, malamulo a Ofgem, bungwe loyang'anira makampani a gasi ndi magetsi kuno, amawakakamiza kukambirana naye njira yolipirira pang'onopang'ono. Apite ku Citizens Advice, uphungu wawo ndi waulere ndipo safuna kuti ukhale mzika. Malaibulale ndi matchalitchi ambiri amatsegula zipinda zofunda masana, munthu umakakhala tsiku lopuma osayatsa kunyumba. Ndipo ngati boila kapena mawindo ali owonongeka, kukonza ndi udindo wa mwini nyumba osati iye.

Chimwene wa Senga Bay ku Joni

Amayi zomwe anena a Mwalezo nzoona, ngakhale kuno ku Joni ndi chimodzimodzi. Boma la kuno lili ndi magetsi aulere a osauka, mayunitsi 50 pamwezi, koma uyenera kukalembetsa ku masipala ngati wosauka ndipo amafuna ID ya dziko lino, ife a pasipoti sitimayandikirako nkomwe, komanso ambiri timachita lendi kachipinda kuseri kwa nyumba ya munthu, mita ndi ya mwini nyumba. Kuno kumazizira nthawi imodzi ndi kwathu, Juni ndi Julayi, koma kuzizira kwake m'mawa udzu umayera mbuu madzi a m'ndowa panja kuuma pamwamba. Miyezi imeneyo ine mkazi wanga amadziwiratu kuti ndalama ichepa chifukwa ganyu ya m'magadeni imasowa udzu sukukula, parafini wa hita ndiye akwera.

Chimene ndikufuna muwuze mwana wanu ndi ichi, asadzayerekeze kulowetsa makala m'nyumba ngakhale kuzizire bwanji. Ife tinataya mnyamata wa kwathu konko kunyanja, tinkakhala naye yadi imodzi. Analowetsa mbaula mu mkhukhu wa malata natseka chitseko, mipata yonse anatseka ndi manyuzi kuti mphepo isalowe. M'mawa tinaona kuti sakudzuka ulendo wa kuntchito, tinathyola chitseko, tinamupeza ali chigonere bulangeti lili bwinobwino ngati ali m'tulo, makala atasanduka phulusa. Tinasonkherana ife tomwe kuti thupi lifike kumudzi. Mpaka lero ndikamva fungo la makala usiku mtima umandigunda.

Mlangizi wa zaumoyo, ku Chia

Pepani achimwene ndi zomwe munaona. Utsi wa makala umene umapha suoneka ndipo sununkha, munthu amangomva mutu ndi tulo basi, ndi chifukwa chake sathawa.

Mayi NaBanda funso lanu a Mwale ayankha mokwanira, ine ndingowonjezera za kuno kwathu chifukwa nkhaniyi yandikhudza pena. Timakonda kunena kuti kunyanja sikuzizira, kuzizira n'kwa a ku Dedza ndi ku Mzimba. Masana n'zoona. Koma ine ndimayenda m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ya Chia ndipo ndimaona zomwe mwera amachita kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Mphepo ija ikamaomba usiku kuchokera kummwera imalowa m'nyumba ya udzu ngati mulibe khoma. Asodzi sapita panyanja masiku angapo, usipa usowa, ndalama isowa pakhomo nthawi yomweyo imene ana akufunika juzi. Ku sikelo miyezi imeneyo ndi chifuwa ndi chibayo chokhachokha.

Chaka chatha mu Julayi ndinafika pakhomo pa agogo ena amene akulera zidzukulu zitatu zamasiye. Ndinalawirira, cha m'ma 6. Ndinawapeza onse anayi pa mphasa imodzi, bulangeti limodzi lothetheka anafunditsa ana awiri aang'ono, agogowo anadzikulunga chitenje ndi thumba la feteleza, pakati pa nyumba mafuwa atatu chitsa chikufuka utsi usiku wonse. Kamwana kamodzi kanali ndi chilonda chakupsa pa mwendo, kanagubuduzikira pamoto kali m'tulo. Sizachilendo, zilonda za moto timaziona kwambiri nyengo imeneyi, ndipo amene ali ndi matenda akugwa ndiye amapsa koopsa.

Agogo amenewa ali pa Mtukula Pakhomo. Pologalamuyi inayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo imafikira mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito, ndi yothandiza ndithu sindingainyoze, koma ndalama yake imathera ku chimanga, sopo ndi makope, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Bulangeti silifikiridwa. Ndiye ndikamawerenga zoti kwina boma limadziwa kuti nyengo yozizira ili ndi mtengo wake ndipo limaikiratu ndalama, ine ndimati bwanji ifenso osaonjezera kangachepe pa Mtukula Pakhomo mwezi wa Meyi, ka bulangeti ndi juzi basi? Mndandanda wa mabanja ulipo kale, njira yolipirira ilipo kale. Sitikufuna gasi kapena boila ife. Bulangeti limodzi labwino limatha zaka zingapo ndipo likhoza kuchotsa moto uja pakati pa nyumba.

Mphunzitsi wopuma, Chipoka

Alangizi ndakumvani ndipo za agogowo zandimvetsa chisoni, koma pa ndalama ya boma ndisiyana nanu pang'ono. Maiko amenewa amachita izi chifukwa kwawo kuzizira kumatenga miyezi isanu kapena kuposa ndipo kumapha anthu ambiri chaka ndi chaka. Ku America ali ndi LIHEAP kuyambira 1981, boma lalikulu limatumiza ndalama ku zigawo kuti zithandize mabanja opeza zochepa pa mabilu otenthetsera, ndipo kumadera otentha ndalama yomweyo imathandizanso pa kuziziritsa nyumba. Mwaona pamenepo, aliyense amayang'ana chimene chikumupweteka kwawo.

Ife chimene chimatidya chaka chonse ndi moto wophikira. Thumba la makala lakwera moti mphunzitsi amene ali pa ntchito akuliwa nalo, nanji wopuma ngati ine. Nkhalango ya Thuma ndi mapiri a pakati pa Dedza ndi Salima tonse tikuona mmene aperewera, lamulo la nkhalango analikhwimitsa mu 2020 koma anthu sanasiye kuphika, makala anangokwera mtengo basi. Kuno ku Salima kuli magetsi a dzuwa a mamegawati 60 chiyambire 2021, chinthu chonyaditsa, koma ochuluka m'midzi yathu akuphikirabe pa mafuwa. Ndalama ikanapezeka ine ndikanayamba ndi kutsitsa mtengo wa gasi wophikira m'matauni ndi kufalitsa chitetezo mbaula m'midzi, ija yadothi yosatha nkhuni. Mabulangeti tikhoza kumasonkherana m'mipingo ndi m'mizikiti mwezi wa Epulo, kuzizira kusanafike, osadikira kuti mwana apse kaye.

Mlangizi wa zaumoyo, ku Chia

Aphunzitsi za makala sindikutsutsa ngakhale pang'ono. Koma zosonkha za kumpingo zimafika kwa amene akudziwika, agogo ndikunenawa miyendo inawakana sapitanso kopemphera, amene amawadziwa ndi amfumu ndi ine basi. Ndi chifukwa chake ndimakakamira mndandanda wa boma. Komabe mwandipatsa ganizo, ndikayankhula ndi komiti ya zaumoyo ya m'mudzi tiyambe kulemba makomo oterewa mvula ikangotha.

NaBanda wa pa Kamuzu Road

Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. A Mwale ndinachita monga munandiuzira. Ndinadikira Lamulungu atachoka kuntchito, ana nditawatumiza kwa azakhali awo, ndinamuyimbira ndipo sindinayambe ndi za ndalama, ndinangoti mwanawe tandionetsa nyumba yako. Anakana kaye kenako anatembenuza foni. Anasamukadi mu Sepitembala, nyumba yoyamba ija anaigulitsa eni ake, pano akukhala ndi mnzake wa ku Zimbabwe akugawana mabilu. Anandionetsa windo madzi ali chuchuchu m'kati, pakona pa bedi pakuda, mayunifomu atawayanika pa mpando masiku atatu osauma. Boila akuti amayatsa ola limodzi m'mawa ndi limodzi usiku, pogona amathira madzi otentha m'botolo n'kuika kumapazi. Mashifiti anamuchotsera awiri pa sabata kuyambira Okutobala. Ndipo akutsokomola, akuti sabata yachitatu tsopano, pa video ankadzigwira kuti ndisamve.

Ndinamufunsa kuti bwanji osandiuza, akuti amayi mukanadandaula BP ikanakwera. Tinalira tonse pa foni.

Ndamuuza kuti mpaka Malichi asatumize kalikonse kupatula fizi ya wamkuluyu, yotsalayo ayatse boila ndipo mawa lomwe apite kwa dokotala ndi chifuwacho. Feteleza ndagulitsa mbuzi ziwiri, thumba limodzi lapezeka, munda wotsalawo ndithira manyowa a m'khola. Achimwene, za makala ndamuuza, akuti m'nyumbamo muli kale kachipangizo kolira kakamva utsi woipa, koma ndamuuzabe kawiri. A Mwale, za Citizens Advice akuti sankadziwa kuti nayenso akhoza kupitako, anaona ngati ndi za eni dziko okha, wati Lachitatu ali pa ofu apitako ndi kalata ya bilu ndi zithunzi za khomalo. Ngati pali china choti anyamule mundiuze ndimutumizire uthenga usiku uno.